Lero ndi tsiku la chiyaninso? Kumene masiku achilendo a pakalendala amachokera

Pa 19 Novembala chaka chilichonse abambo ena amadzuka ndi madandaulo. Tsikuli ndi lokumbukira abambo padziko lonse, komanso ndi tsiku lomwelo limene dziko lonse limakumbukira chimbudzi. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp nthabwala zimayamba kusanache: amayi anawapatsa 8 Malichi lawolawo, ife n'kutiphatikiza ndi chimbudzi, kodi anachita kupangana? Amafunsa moseka, koma kuseri kwake kuli funso lenileni. Ndani amagawa masikuwa? Mawa wailesi inena kuti ndi tsiku la mazira, mkuja la njuchi, kenako la kulankhula ngati achifwamba a panyanja. Kodi kuli ofesi kwinakwake imene imakhala pansi n'kumalemba zonsezi?

Ofesi yotero kulibe. Kalendala ili ngati mtengo wa pamsika umene aliyense amakhomapo pepala lake: la kwa DC lili pomwepo, la msonkhano wa mpingo, la wogulitsa mankhwala azitsamba, la mnyamata amene wangofuna kuseketsa anzake. Ukaima patali onse ndi mapepala basi. Ukayandikira m'pamene umaona kuti lina lili ndi chidindo, lina lili ndi nambala ya foni ya wamalonda, lina silikudziwika n'komwe amene analikhoma.

Tchuthi cha boma

Ili ndiye tsiku lokhalo limene lingakuchititseni kugona mpaka dzuwa litakwera popanda abwana kukufunsani. Limakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko, ndipo mphamvu yake imathera m'malire a dzikolo. Ku Malawi timadziwa 15 Januwale la John Chilembwe, 3 Malichi la ofera dziko, 1 Meyi la apantchito, 14 Meyi la Kamuzu, 6 Julayi la ufulu, 15 Okutobala la anakubala, kuphatikizapo masiku a zipembedzo monga Khirisimasi, Pasaka ndi Eid.

Mwambo woti boma lizilemba masiku opuma m'malamulo tinautengera kwambiri ku Britain. M'chaka cha 1871 phungu wina amenenso anali mkulu wa banki, Sir John Lubbock, anadutsitsa lamulo lopereka masiku anayi opuma ku England, ndipo mwa masikuwo munali Lolemba la Pasaka ndi 26 Disembala. Anthu anakondwa mpaka kwa kanthawi ankawatchula kuti masiku a Lubbock Woyera, ngati kuti bamboyo anali woyera mtima wa mpingo. Awiri aja tili nawobe mpaka lero.

Popeza ndi lamulo, boma likasintha tsiku nalonso likhoza kusintha. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, tsiku la Kamuzu linachotsedwa ndipo 14 Juni ndilo linakhala tchuthi, pokumbukira riferendamu ya 1993. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, 14 Meyi linabwereranso. Ena anakondwa, ena ayi, ndipo m'mayiko ambiri zimatero.

Musaganize kuti za boma zonse ndi zaulemu zokhazokha. Ku Turkmenistan, kuyambira 1994, Lamulungu lachiwiri la Ogasiti ndi tsiku la mavwende, ndipo analikhazikitsa ndi pulezidenti wa nthawiyo, Saparmurat Niyazov. Ku Japan kuli tchuthi cha nyanja mu Julayi, ndipo mu 2016 anawonjezera cha mapiri pa 11 Ogasiti. Ku Sri Lanka mwezi ukakhala wathunthu, tsikulo ndi tchuthi cha Abuda, ndiye kuti mwezi uliwonse ali ndi tsiku lopuma lapadera. Pachilumba cha Bali ku Indonesia kuli Nyepi, tsiku la chete: palibe kuyenda mumsewu, palibe kuyatsa moto, ngakhale bwalo la ndege limatsekedwa usana ndi usiku. Bolivia, dziko lopanda gombe la nyanja yamchere ngati lathu, limakumbukira tsiku la nyanja pa 23 Malichi, kulira gombe limene linapita m'manja mwa Chile pa nkhondo imene inayamba mu 1879.

Masiku a United Nations

Awa ndi amene amasokoneza anthu kwambiri, chifukwa amamveka akuluakulu koma kuntchito mumapitabe. Njira yake ndi iyi: dziko limodzi kapena angapo amapereka ganizo ku msonkhano waukulu wa UN, kumene kuli mayiko 193, ndipo akagwirizana amamanga mfundo yoti tsiku lakuti lizikumbukiridwa. Nthambi zake monga UNESCO ndi WHO nazonso zimakhazikitsa awo. Mfundoyo sikakamiza dziko lililonse kuchita kanthu. Imangopempha maboma, masukulu ndi atolankhani kuti tsiku limenelo alankhuleko za nkhaniyo. Pano masiku otere aposa 200.

Chosangalatsa n'choti ukafufuza amene anabweretsa ganizo, kawirikawiri umapeza dziko likukankha chinthu chimene limanyadira. Tsiku la njuchi, 20 Meyi, linachokera ku Slovenia mu 2017, ndipo detilo ndi la kubadwa kwa Anton Janša, katswiri wawo wa ulimi wa njuchi wa zaka za m'ma 1700. Tsiku la yoga, 21 Juni, analipempha ndi nduna yaikulu ya ku India, Narendra Modi, mu 2014. Tsiku la chimwemwe, 20 Malichi, linavomerezedwa mu 2012 ndipo muzu wake uli ku Bhutan, dziko limene limati chimwemwe cha anthu chiziyezedwa monga mmene ena amayezera chuma. La mbatatesi, 30 Meyi, anakankha ndi Peru, kwawo kwa mbewuyo. Liliponso la njinga pa 3 Juni, ngakhale sindikhulupirira kuti wa kabaza aliyense anatsitsapo mtengo chifukwa cha tsikuli.

Tiyi ali ndi masiku awiri, ndipo nkhani yake imatikhudza. Kuyambira 2005 mabungwe a anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi alimi ang'onoang'ono m'mayiko monga India, Sri Lanka, Kenya ndi Malawi ankakumbukira 15 Disembala, pofuna kukamba za malipiro ndi mitengo. Mu 2019 UN inakhazikitsa lake pa 21 Meyi. Ndiye wothyola tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje akamva masiku awiri osiyana, palibe amene wanama.

Tsopano za chimbudzi zija. Bambo wina wamalonda wa ku Singapore, Jack Sim, anayambitsa bungwe la World Toilet Organization pa 19 Novembala 2001. Iye anaona kuti anthu amachita manyazi kutchula chimbudzi pagulu, ndipo chinthu chimene sichitchulidwa sichipatsidwa ndalama. Anasankha dala njira yoseketsa kuti atolankhani atembenuke. Patapita zaka 12, mu 2013, boma la Singapore linakapereka nkhaniyi ku UN ndipo tsikuli linavomerezedwa. Dzina lake ndi loseketsa, koma anthu oposa 3 biliyoni padziko alibe zimbudzi zosamalika bwino, ndipo amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 kuno kwathu safunika kuuzidwa tanthauzo lake.

Tsiku la abambo linadzera njira ina. Mphunzitsi wa mbiri yakale ku Trinidad and Tobago, Jerome Teelucksingh, ndiye analitsitsimutsa mu 1999, ndipo anasankha 19 Novembala chifukwa, mwa zina, linali tsiku lobadwa la bambo ake. Ndiye kuti abambo ndiwo anafika poyamba pa detili, chimbudzi chinawapeza. Anthu awiriwa anali kumalekezero osiyana a dziko lapansi, aliyense ndi zifukwa zake. Kusiyana kwake n'koti la chimbudzi lili pa mndandanda wa UN, pamene la abambo silinalowepo.

Masiku a amalonda

Awa amayambitsidwa ndi kampani kapena mgwirizano wa ogulitsa chinthu chimodzi, ndipo cholinga sachibisa kwenikweni. Tsiku la mazira, Lachisanu lachiwiri la Okutobala, linakhazikitsidwa mu 1996 ku Vienna ndi International Egg Commission, bungwe la ochita malonda a mazira. Ku Japan, kumene pa 14 Febuluwale akazi ndiwo amapatsa amuna chokoleti, opanga maswiti anayambitsa White Day cha m'ma 1978, kuti pa 14 Malichi amunawo abweze. Ku South Korea anapitiriza: amene sanalandire kalikonse masiku onse awiriwo amakumana pa 14 Epulo n'kudya chakudya cha msuzi wakuda, kudzitonthoza.

Nthawi zina amalonda sayambitsa okha, amangotola chimene chilipo kale. Ku China ophunzira a pa yunivesite ya Nanjing anayamba kukondwerera umbeta pa 11 Novembala, chifukwa detilo likalembedwa limakhala mawani anayi oima paokhapaokha. Zinali za m'ma 1990. Mu 2009 kampani ya Alibaba inalisandutsa tsiku lotsitsa mitengo pa intaneti, ndipo lero ndi limodzi mwa masiku amene katundu amagulidwa kwambiri padziko lonse.

Palinso Blue Monday, Lolemba lachitatu la Januwale, limene manyuzipepala ena amalemba kuti sayansi inapeza kuti ndilo tsiku lokhumudwitsa kuposa onse pachaka. Linatuluka mu 2005 m'chikalata cha kampani ya zamaulendo ku Britain, Sky Travel, pamodzi ndi masamu ena a bambo wina dzina lake Cliff Arnall ophatikiza nyengo yozizira, ngongole za Khirisimasi ndi zina. Akatswiri a maganizo amati masamuwo alibe maziko. Kampaniyo inkafuna anthu agule matikiti opita kotentha. Kunena zoona, Januwale ndi wowawa ngakhale kuno, fizi mbali iyi feteleza mbali iyo ufa uli kumapeto kwa thumba, koma zimenezo sitinachite kuuzidwa ndi ogulitsa matikiti a ndege.

Nkhani imene imaonetsa bwino mmene tsiku limapulumukira m'manja mwa mwini wake ndi ya Anna Jarvis. Mayi ake atamwalira mu 1905, iye anakonza mwambo wowakumbukira pa tchalitchi cha ku Grafton, m'chigawo cha West Virginia ku America, mu 1908. Anatumizako maluwa oyera amene mayi ake ankawakonda. Kenako anayamba kulemba makalata kwa akuluakulu a boma, abusa ndi manyuzipepala, osatopa, mpaka mu 1914 Pulezidenti Woodrow Wilson analengeza kuti Lamulungu lachiwiri la Meyi likhale tsiku la amayi m'dziko lonselo. Maganizo a Jarvis anali oti mwana apite kukaona mayi ake, kapena awalembere kalata ndi dzanja lake. Sipanapite zaka zambiri, ogulitsa maluwa, makadi ndi maswiti anali atalilanda tsikulo. Mtengo wa maluwa unkakwera sabata imeneyo. Jarvis anakwiya kwambiri. Ankati kugula khadi yolembedwa kale ndi ulesi. Anaopseza kusuma makampani, anakasokoneza misonkhano ya ogulitsa, ndipo nthawi ina apolisi anamugwira chifukwa cha phokoso limene anachita pa msonkhano wina ku Philadelphia. Chuma chake chinathera pa nkhondo yolimbana ndi tsiku limene analibereka yekha. Anamwalira mu 1948 ali wosauka, ndipo iye mwini sanakhalepo ndi mwana.

Apa m'pamene abale athu okhala kunja amasokonezeka. Ku Britain amayi amakumbukiridwa Lamulungu lachinayi la Lenti, kawirikawiri mu Malichi, ndipo mwambowo ndi wa mpingo, wakale kuposa wa Jarvis. Ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe amatsata la Meyi. Ku Malawi ndi 15 Okutobala, tchuthi chenicheni cha boma, limenenso pa kalendala ya UN ndi tsiku la amayi akumidzi. Mwana wanzeru wokhala ku Manchester amangotumiza kangachepe katatu konse.

Masiku a anthu ongoseka

Gulu ili ndi la masiku amene munthu wamba anangodzuka n'kunena kuti lero ndi tsiku lakuti, anzake n'kuvomera. Palibe lamulo loletsa. Mu 1995 anzake awiri a ku Oregon, John Baur ndi Mark Summers, akusewera mpira wa m'nyumba, mmodzi anadzipweteka n'kukuwa ngati wachifwamba wa panyanja wa m'mafilimu. Anaseka, n'kugwirizana kuti pakhale tsiku lolankhula chotero. Summers anasankha 19 Seputembala poti linali tsiku lobadwa la mkazi amene anasiyana naye, deti limene sakanaliiwala. Kwa zaka zingapo ankalidziwa ndi iwo okha ndi anzawo ochepa, mpaka mu 2002 wolemba nthabwala m'manyuzipepala, Dave Barry, analilemba. Basi, linafala.

Tsiku la emoji, 17 Julayi, analiyambitsa ndi Jeremy Burge mu 2014. Chifukwa chake chili m'foni: kachithunzi ka kalendala pa iPhone kamaonetsa deti limenelo.

La pi ndiye linakwera makwerero onse. Pi ndi nambala imene mumapeza mukagawa utali wozungulira bwalo ndi utali wodutsa pakati pake, pafupifupi 3.14. Aamerika polemba deti amayamba mwezi, ndiye 14 Malichi kwa iwo ndi 3/14. Mu 1988 katswiri wa sayansi Larry Shaw ndi anzake a pa Exploratorium, nyumba yoonetsera za sayansi ku San Francisco, anayamba kuguba mozungulira bwalo tsikulo n'kumadya makeke ozungulira. Mu 2009 Nyumba ya Malamulo ya ku America inalizindikira, ndipo mu 2019 UNESCO inalengeza 14 Malichi kukhala tsiku la masamu padziko lonse. Mwangozi, ndi tsikunso limene Albert Einstein anabadwa mu 1879. Kwa ife amene timayamba tsiku polemba deti, 14/3 sikupereka pi ayi. Lathu likanakhala 22 Julayi, chifukwa 22/7 ndi ija tinkagwiritsa ntchito kusukulu, ndipo alipodi amene amakumbukira limenelo.

Mukaona positi yoti "National ... Day", dziwani kuti ambiri mwa masikuwo ndi a ku America ndipo boma lawo silikuwadziwa n'komwe. Amachokera m'mabuku ndi masamba a intaneti amene amasonkhanitsa masiku, monga National Day Calendar imene Marlo Anderson anayambitsa ku North Dakota mu 2013. Ndi bizinesi ya munthu, ndipo makampani amatumizako mapempho kuti chinthu chawo chipatsidwe tsiku. Owulutsa mawu amene akusowa choyambira pulogalamu ya m'mawa amatola pomwepo, ndipo ndi mmene tsiku la sangweji ya ku America limafikira pa wailesi ya ku Lilongwe.

Masiku opanda mwini

Otsala ndi akale kwambiri moti amene anawayambitsa sadziwikanso. La 1 Epulo, lopusitsana, ndilo lotchuka. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yoti mu 1564 Mfumu Charles IX ya ku France inalamula kuti chaka chiziyamba pa 1 Januwale, ndipo amene anapitiriza kukondwerera chaka chatsopano chakumapeto kwa Malichi ankasekedwa ngati zitsiru. Ikumveka bwino, koma ili ndi mabowo. Wolemba ndakatulo wa ku Flanders, Eduard de Dene, anali atalemba kale mu 1561 za bwana wotuma wantchito wake maulendo opanda pake pa 1 Epulo. Ndipo ku England, kumene chaka cha boma chinkayamba pa 25 Malichi mpaka 1752, anthu anali akupusitsana kale: mu 1698 ena anatumizidwa ku Tower of London kuti akaonerere mikango ikusambitsidwa. Akatswiri a mbiri sanagwirizane chimodzi mpaka pano.

Chodziwika bwino ndi zimene zachitika pa tsikuli. Mu 1957 BBC inaonetsa pa kanema banja la ku Switzerland likukolola spaghetti m'mitengo. Nthawi imeneyo chakudyachi chinali chachilendo ku Britain, ndipo anthu ambiri anaimba foni kufunsa kumene angapeze mbande zake.

Ku Punxsutawney, m'chigawo cha Pennsylvania, pa 2 Febuluwale akuluakulu ovala zipewa zazitali amatulutsa kanyama kokumba una kotchedwa groundhog. Akuti kakaona chithunzithunzi chake, kuzizira kupitirira masabata ena asanu ndi limodzi. Mwambowu unabwera ndi anthu ochokera ku Germany ndipo m'tauniyo wakhala ukuchitika kuyambira m'ma 1880. Oyeza zanyengo akawerengera amapeza kuti kanyamako kamalondola kosafika theka, koma khamu limabwerabe.

Zimene sizinathe kukambidwa

Funso loyamba ndi la kuchuluka. Chaka chili ndi masiku 365 okha, ndipo a UN okha adutsa 200, osawerengera a makampani. Ena amati tsiku lililonse likakhala lapadera ndiye kuti palibenso lapadera, ndipo nkhani zazikulu monga malungo pa 25 Epulo kapena Edzi pa 1 Disembala zimamira m'phokoso la masiku a makeke. Ena amayankha kuti tsiku silidya ndalama za munthu, amene sakulifuna angolidutsa. Ku America aphungu anafika potopa nazo: mu 1995 nyumba yawo yaing'ono inaika lamulo loletsa mabilu ongokhazikitsa masiku okumbukira, ngakhale njira zozembera zinapezekabe.

Lachiwiri ndi lovuta kuyeza: kodi masikuwa amasintha kanthu? Kuguba ndi zikwangwani, ma T-shirt ndi zolankhula za mlendo wolemekezeka zimaoneka. Koma ngati zimbudzi zachuluka m'boma lina, ndani anganene kuti ndi chifukwa cha 19 Novembala osati ngongole ya chitukuko kapena mantha a kolera? Mabungwe amati tsikulo limawatsegulira khomo kwa atolankhani ndi nduna kamodzi pachaka. Otsutsa amati ndalama za mwambo zikanagula simenti.

Lachitatu ndi la matchuthi enieni: dziko lingapume masiku angati? Portugal inachotsa matchuthi anayi mu 2013 pa nthawi ya mavuto a zachuma, n'kuwabwezeretsa mu 2016. Denmark mu 2023 inathetsa tsiku lake lalikulu la mapemphero, limene linalipo kuyambira 1686, kuti ipeze ndalama zowonjezera za chitetezo, ndipo anthu masauzande anachita zionetsero ku Copenhagen. Olemba ntchito amawerenga katundu amene sanapangidwe, pamene a malo ogona alendo kunyanja amawerenga zipinda zodzaza. Ndipo kwa wogulitsa tomato kapena mlimi amene ali kumunda, tchuthi cha boma n'cha anthu olandira malipiro a pamwezi.

Lomaliza ndi loti kalendala imeneyi ndi ya yani. Black Friday, Lachisanu lotsitsa mitengo chakumapeto kwa Novembala, inafika m'masitolo a ku Johannesburg, Lusaka ndi Blantyre popanda Thanksgiving, tchuthi choyamika chimene chimaitsogolera kwawo ku America. Pamene miyambo yokoka makamu, monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, kapena Nc'wala ya Angoni ku Chipata mu Febuluwale, imayenda popanda kukhala tchuthi cha dziko. Ena amati zili bwino chomwecho, boma likangosankha mwambo umodzi mitundu ina ifunsa yawo. Ena amati kalendala imene ili ndi malo a 26 Disembala wa Lubbock singasowe malo a zakwathu. Mu 2021 UNESCO inapereka 7 Julayi kwa Chiswahili, chiyankhulo choyamba cha mu Africa kulandira tsiku lakelake. Ngati olankhula Chichewa angafune lawo, ndi boma liti mwa mayiko amene chimalankhulidwa limene linganyamule pempholo, ndipo angagwirizane deti liti?